Ulendo wokaona chipilala cha ku Area 18: mwana waulumali asatsale pakhomo

Sukulu ikakonza ulendo wokaona malo, kapena Sande sukulu ikabwereka basi kuti ana akaone nsanja ya chikumbutso cha asilikali ku Area 18, mndandanda wa maina suchedwa kudzaza. Inu kholo mumasaka ya mayendedwe, mumaphika mbatata ya m'njira, mwana n'kugona mochedwa ndi chimwemwe. Koma tauyang'anani bwino mndandandawo. Mwana amene amayendera njinga ya olumala alipo? Nanga uja wachialubino amene amakhala kutsogolo m'kalasi? Nanga wakhunyu uja? Kawirikawiri maina awo sapezeka, chonsecho palibe amene adakhala pansi n'kuwakaniza. Aphunzitsi amangoganiza kuti akavutika, makolo n'kuvomereza kuti zoonadi akavutitsa anzawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anthu otsalawa si ochepa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wamtundu wina. Pafupifupi theka la iwo ali ndi vuto la kuona, ndipo oposa mmodzi mwa anayi alionse amavutika kuyenda kapena kukwera masitepe. Anthu achialubino adapezeka 134,636. Ndiye kaya muli ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo kapena ku Mgona, n'kovuta kupeza mpingo kapena sukulu imene nkhaniyi siikuikhudza.

Zikukhudzana bwanji ndi zaumoyo?

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya zipilala ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale ikufunanji pa tsamba lino. Kuyambira mu 2001, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati poyeza ulumali tisamangoona chiwalo chimene sichikugwira ntchito. Tizionanso zimene munthuyo akutha kuchita pamodzi ndi anzake, komanso zimene zikumutchinga pamalo pamene akukhala. Ana awiri akhoza kukhala ndi vuto lofanana la miyendo. Wina amapita kusukulu, kutchalitchi ndi ku ukwati wa azakhali ake. Winayo amangoswera pakhonde. Miyendo n'chimodzimodzi, koma umoyo wawo ndi wosiyana kutalitali.

Ubongo wa mwana umakula ndi zimene maso akuona, makutu akumva, manja akugwira, ndi mafunso amene mwana akufunsa n'kuyankhidwa. N'chifukwa chake ndondomeko ya kaleredwe ka ana imene WHO ndi UNICEF adatulutsa mu 2018 imaika mwayi wophunzira pamzere umodzi ndi chakudya chabwino, chitetezo ndi chithandizo cha kuchipatala. Mwana amene ubongo wake udavulala pobadwa, kapena kaamba ka malungo a m'bongo, matenda oumitsa khosi kapena chikasu cha ukhanda, amafunika zinthu zomutakasa maganizozi kuposa mnzake aliyense. Koma ndiye amene amazipeza pang'ono. Timamulembera mafizo Lachiwiri lililonse, mayi amayesetsa osajomba, koma kunja kwa msewu wa kuchipatala mwanayo sadziwa kwina kulikonse mu Lilongwe.

Mayi nayenso amadwala nako kubindikiraku. Amayi ambiri olera ana aulumali amasiya kupita kumiyambo, amasiya geni, ena banja limatha. Akabwera kuchipatala amadandaula mutu, msana ndi kusowa tulo. Panado amathandiza msanawo pang'ono, koma sachotsa kusungulumwa. Tsiku limodzi lokhala pagulu, mwana ali pakati pa anzake ndipo mayi akucheza ndi amayi ena, lili ndi phindu limene ife achipatala sitingalembe m'buku la kuchipatala.

Kuli chiyani ku Area 18?

Nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale m'dziko muno ili ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo idatsegulidwa mu 1966. Zina zili ku Mangochi, ku Mzuzu ndi ku Karonga, kumene kuli mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus. Kwa mwana wa ku Area 23 amenewa ndi maulendo a tsiku lathunthu ndi ndalama zambiri. Mbiri ya dziko imene ili pafupi naye ili pabwalo, ku Area 18 ndi cha ku Capital Hill.

Nsanja ya chikumbutso imakumbutsa asilikali amene adafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Agogo athu adamenya nkhondozi m'gulu la King's African Rifles, kuyambira pa Karonga mu 1914 mpaka kutali ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Chaka chilichonse mu Novembala dziko limawakumbukira poika nkhata za maluwa. Kutsogolo kwa nsanjayi kuli chiboliboli cha Dr Hastings Kamuzu Banda chimene chidaikidwa mu 2009. Chapafupi pomwepo, kufupi ndi Nyumba ya Malamulo, pali chiliza chake chimene chidatsegulidwa mu 2006, chokhala ndi mizati inayi yoimira ngodya zake zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Tisaiwale kuti mwa asilikali amene adabwerako ku nkhondozo, ena adabwera opanda mwendo, ena osaona, ena makutu atagontha ndi mizinga. Malo owakumbukira akalephera kulandira mdzukulu wawo woyendera ndodo, ndiye kuti pena pake palakwika.

Sitepe imodzi ndi khoma

Inu amene mumayenda bwinobwino simuwerenga masitepe. Phazi limangokwera lokha. Kwa munthu wa panjinga ya olumala, sitepe imodzi ya masentimita 15 imatha kuthetsa ulendo. Yankho lake ndi njira yotsetsereka, koma apa mpomwe amisiri ambiri amaphonya. M'masukulu, m'mashopu ngakhale m'zipatala zina mumapezeka njira zotsetsereka zimene zidamangidwa kuti oyendera akabwera aone kuti zilipo. Kupendekeka kwake kumakhala ngati kwa chulu. Munthu sangakwerepo yekha, ndipo potsika njinga imathawa naye.

Muyezo umene akatswiri a zomangamanga amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri ndi wosavuta kukumbukira. Pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, njira italike masentimita 12. Sitepe imodzi ya masentimita 15 ikufuna njira yotalika masentimita 180. Masitepe atatu akufuna mamita oposa 5. Njira ikakhala yaitali kwambiri pafunika malo athyathyathya opumirapo pakati, komanso chitsulo chogwira m'mbali. Khomo labwino ndi lotambalala masentimita 90, ndipo kuti njinga itembenuke pafunika malo a masentimita 150 mbali zonse. Simukufunika tepi ya mmisiri. Rula ya mwana wasukulu ndi masentimita 30. Dulani kamtengo kotalika marula atatu, ndipo khomo lililonse limene kamtengoko sikakulowa chopingasa mulikayikire.

Khomo limene muyenera kuyamba kuyeza ndi la chimbudzi. Makolo ambiri amene amakana kutenga mwana paulendo, mukawafunsa mofatsa, nkhawa yawo yeniyeni imakhala pamenepo. Chimbudzi chokumba chimene pansi pake panyowa, mwana amene amakwawa alowamo bwanji? Ena amamumana mwana madzi kuyambira m'mawa kuti asafune kukodza. Chonde musatero. Mwana amene wakhala padzuwa osamwa madzi amafooka, amadzimbidwa, ndipo amene ali ndi vuto la msana kapena la chikhodzodzo amadwala matenda a njira ya mkodzo mosavuta. Ndi bwino kunyamula kabakete kokhala ndi chivindikiro, chitenje chotchingira ndi sopo.

Wina anena kuti vuto lili pati, si tingomunyamula? Mwana wa zaka zitatu, inde. Mtsikana wa zaka 14 amene wayamba kusamba, kumunyamula pamaso pa anyamata a m'kalasi mwake si nkhani yaing'ono, ndipo ambiri amasankha kutsala kusiyana n'kuchita manyazi otero. Komanso misana ya amayi imathera pomwepa. Pamene palibe kuchitira mwina, mufunseni mwini wakeyo kuti akufuna agwiridwe bwanji. Osamukoka manja. Mwana wouma ziwalo mumunyamule chiuno ndi mawondo zitapindika, nkhope italoza kutsogolo kuti naye aziona kumene akupita. Njinga potsika sitepe imatsika chafutambuyo, wothandiza ali kumunsi. Ndipo ngati mwana samva kukhudza m'miyendo kapena m'matako, musamukhazike pa simenti kapena pachitsulo chimene chawombedwa ndi dzuwa, chifukwa akhoza kupsa osadziwa. Muzimusuntha kapena kumudzutsa pang'ono pa mphindi 30 zilizonse kupewa zilonda.

Za kukwera pamwamba pa nsanja, tinene zoona. Okwera amadutsa masitepe ambiri, ndipo si mwana aliyense angafike. Koma ulendo suli pamwamba pokha. Nkhani ya asilikali ikambidwe pansi, gulu lonse lili pamodzi, okwera asadakwere. Amene akwera ajambule mzinda pafoni n'kudzaonetsa anzawo, ndipo pansi patsale anzake awiri kapena atatu, osati mwana yekha ndi mayi ake ngati alonda a zikwama.

Dzuwa, maso ndi manja

Popeza malo a ku Area 18 ndi apabwalo, mwana wachialubino ayenera kukonzekeredwa mwapadera. Khungu lake lilibe melanin wokwanira, amene amateteza thupi ku mphamvu ya dzuwa, ndipo kupsa mobwerezabwereza kuyambira ali mwana ndiko kumadzabweretsa khansa ya pakhungu akakula. Dzuwa limaluma kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Mitambo isakupusitseni, ngakhale kuzizira kwa mu Juni. Konzani ulendo wam'mawa. Avale chipewa chakhonde, malaya a manja aatali, ndipo mafuta oteteza khungu apakidwe musananyamuke n'kubwerezanso pa maola awiri alionse, osaiwala makutu, khosi, milomo ndi kunja kwa manja. Kaamba ka nkhanza zimene abale athuwa akhala akukumana nazo m'dziko muno, pakhale wamkulu mmodzi wodziwika amene akumuyang'anira kuyambira ponyamuka mpaka pobwerera, koma mosamuchititsa kuoneka ngati mkaidi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pafupifupi munthu aliyense wachialubino ali ndi vuto la kuona, chifukwa melanin yemweyo amafunikanso kuti diso likhwime bwino. Maso ena amagwedezeka, ndipo kuwala kwambiri kumawathobwa. Zolembedwa zazing'ono pa mwala wonyezimira, dzuwa likuwomba, kwa iye zimangokhala mizere. Mulekeni ayandikire mmene akufunira. Njira ina yachidule ndi kujambula zolembedwazo pafoni, kupita naye pamthunzi n'kukuza chithunzicho ndi zala. Njira yomweyi imathandiza agogo amene ali ndi ng'ala.

Kwa mwana wosaona, mawu akuti "taonani apo" alibe tanthauzo. Mufotokozereni kuti chinthucho n'chotalika ngati nyumba zingati, chapangidwa ndi chiyani, munthu wa pachiboliboliyo wavala chiyani ndipo wanyamula chiyani m'manja. Muyende naye kuzungulira tsinde la nsanja akuwerenga mapazi, adziwe kukula kwake ndi thupi lake. Pamene oyang'anira malo alola, agwire khoma, amve kusalala kapena kukhakhala kwa mwala.

Apa pali mkangano weniweni, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Osunga zinthu zakale amaletsa kugwira, ndipo sakulakwa. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimawononga. Ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene UNESCO idaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira zimene zimagwirizana ndi Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Aliyense atamazisisita, adzukulu athu sadzazipeza. Ndiponso Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi ndi mapiri, ndipo palibe amene angawasalaze. Koma kuletsa kugwira chenicheni sikuletsa kupanga chofanizira. Ku Madrid m'dziko la Spain kuli myuziyamu imene bungwe la anthu osaona lidatsegula mu 1992, yodzaza ndi zifanizo za nyumba zotchuka zopangidwira kuti anthu azizigwira. Ife kuno luso losema silisowa. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, kuli amisiri amene amasema nkhani yathunthu pa thabwa limodzi. Nsanja ya Area 18 yosemedwa pamtengo wotalika ngati mkono, kapena zojambula za Chongoni zotukuka pathabwa, sizingafune ndalama za boma zodikira bajeti. Komiti ya makolo pasukulu ikhoza kuitanitsa kwa wosema ziboliboli wa mumzinda momwe muno.

Wosamva vuto lake ndi lina. Wofotokoza malo amakonda kuyenda patsogolo akuyankhula, gulu likumuona kumsana. Mwana amene amamva pang'ono, monga amene khutu lidatuluka mafinya nthawi yaitali, amadalira kuona milomo. Mupempheni wofotokozayo aime, atembenuke, nkhope yake ikhale powala, ndipo aziyankhula mmodzimmodzi. Kukuwa sikuthandiza. Ngati mwana amagwiritsa ntchito chinenero chamanja, pitani ndi womasulira. Bungwe la anthu osamva la MANAD kapena mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera pasukulu yanu angakulozereni.

Pali chotchinga china chimene sitichitcha ulumali koma chimatsekereza anthu ambiri kuposa masitepe: zolembedwa za m'Chingerezi chokhachokha. Mayi wa ku Mgona amene adalekezera Sitandade 5 akaima pamaso pa mbiri ya agogo ake n'kulephera kuiwerenga, nayenso watsala panja.

Khunyu si chifukwa chotsalira

Mwa ana onse amene amasiyidwa, wakhunyu ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa palibe sitepe kapena khomo limene likumutchinga. Chomutchinga ndi mantha a akuluakulu. Khunyu ndi vuto la ubongo, pamene timitsempha take timatumiza mauthenga mosokonekera kwa kanthawi. Sapatsirana. Malovu a wodwala, mkodzo wake kapena mpweya umene watulutsa atagwa sizingakupatseni khunyu, ngakhale mudamva zotani muli mwana.

Mwana amene akumwa mankhwala ake mokhulupirika, kaya ndi phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate, akhoza kupita paulendo ngati wina aliyense. Zimene zimadzutsa matendawa kawirikawiri ndi kudumphitsa mankhwala, kusagona mokwanira, kutentha thupi ndi njala. Ndiye usiku wa ulendo agone msanga, m'mawa adye, amwe mankhwala pa nthawi yake, ndipo ena anyamulidwe limodzi ndi buku lake la kuchipatala. Ngati wakhala akugwa masabata apitawa, asakwere nsanja. Ngati papita nthawi yaitali osagwa ndipo achipatala adavomereza, akwere wamkulu ali pambuyo pake.

Akagwa, chotsani miyala ndi zinthu zimene zingamuvulaze, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, masulani kolala, ndipo kugwedezeka kukangochepa mugonekeni chammbali. Musamupanikize. Musaike supuni, chala kapena kamtengo m'kamwa, munthu sangameze lilime lake. Musamuthire madzi kapena kumumwetsa kanthu asadatsitsimuke. Wina ayang'ane nthawi pafoni. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asadatsitsimuke, kapena wavulala mutu, thamangirani kuchipatala. Chipatala chaching'ono cha Area 18 chili m'dera lomwelo, ndipo Kamuzu Central si patali. Ana enawo muwauze modekha zimene zikuchitika. Akaona aphunzitsi ndi mavolontiya akumugwira mnzawoyo mopanda mantha, amaphunzira zimene sakadaphunzira m'kalasi.

Ana ena, monga amene ali ndi autism kapena ochedwa kugwira zinthu m'mutu, chimawasokoneza ndi phokoso, khwimbi la anthu ndi malo achilendo. Tsiku la mwambo waukulu, pamene pali asilikali, malipenga ndi ng'oma, si tsiku lawo loyambira. Sankhani tsiku wamba m'mawa. Kutatsala masiku angapo muonetseni zithunzi za kumene mukupita, mumuuze zimene zichitike motsatana, ndipo mukafika yambani mwapeza malo aphee amene angakapumireko. Akatopa pakatha mphindi 20, bwererani. Ulendo wachitika ndithu.

Lamulo likuti chiyani?

Zimene tikukambazi si chifundo chopempha mogwada. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Gawo 30 la panganoli limanena za ufulu wotenga nawo mbali pa chikhalidwe, ndipo limatchula nyumba zosungiramo zinthu zakale, malaibulale, komanso zipilala ndi malo ofunika pa mbiri ya dziko. Kuno kwathu lamulo la 2012 lidalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, limene lidakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Nawonso eni ntchito adavomereza. Mu 2022, pamsonkhano wa ku Prague, bungwe la myuziyamu padziko lonse la ICOM lidalemba m'tanthauzo lenileni la myuziyamu kuti iyenera kukhala yofikirika ndi yolandira aliyense.

Lamulo lili papepala, ndipo pepala silimanga njira yotsetsereka. Oyang'anira malo ambiri sadaonepo gulu la ana aulumali pakhomo pawo, ndiye amaganiza kuti vuto palibe. Makolo nawo sapita chifukwa akudziwa kuti vuto lilipo. Mbali ziwirizi zikhoza kudikirana mpaka kalekale. Maganizo anga ndi akuti oyamba kusuntha tikhale ife, chifukwa mlonda amene wathandizapo kukweza njinga pa masitepe kanayi pa tsiku limodzi ndi amene amakanena kwa mabwana ake mawu omveka kuposa kalata.

Chotchinga china chimayambira kutali ndi chipilala. Wochokera ku Area 25 kapena ku Mgona minibasi imodzi imamufikitsa ku Area 18 kudzera mumsewu wa M1. Wa ku Kawale, Biwi, Area 23 kapena kwa Chinsapo nthawi zambiri amakwera ziwiri, kusinthira m'tauni. Makondakitala ena amalipiritsa njinga ngati katundu, ena amangodutsa akaona kuti pachedwetsa. Njinga imeneyo ndi miyendo ya munthu. Mukamabwereka basi ya gulu, nkhani ya malo a njinga ndi mpando wapafupi ndi khomo ikambidwe pamodzi ndi mtengo, osati m'mawa wa ulendo.

Chikhalidwe sichili ku Area 18 kokha

Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa, ngakhale kaphikidwe ka nsima, zonsezi UNESCO idazilemba ngati chuma cha anthu onse. Chuma chotere sichikhala m'nyumba ya magalasi. Chimapezeka pabwalo la mfumu, pachinkhoswe, pamaliro ndi pamkeka madzulo. Apanso funso ndi lomwe lija. Pakakhala chinkhoswe pakhomo panu, mwana waulumali amakhala pati? M'mabanja ena amatsekeredwa kuchipinda kuti alendo asamuone. Atsikana aulumali ena salangizidwa n'komwe akatha msinkhu, poganiza kuti za m'banja sizikuwakhudza, chonsecho ali pachiopsezo chachikulu chogwiriridwa ndipo akufunika kudziwa za thupi lawo monga wina aliyense.

Ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchuluka m'matauni mwathu, ndipo akusiya anthu atafa ziwalo, atadulidwa mwendo kapena maso atachita khungu. Agogo amene adaona ndi maso awo mbendera ikukwera mu 1964, kapena likulu likusamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, lero ambiri akuyendera ndodo. Mukawatenga pa ulendo wa ana, mwapeza wofotokoza amene sangapezeke pena paliponse. Chimene akufuna ndi mpando, mthunzi ndi chimbudzi chofikirika, zomwe zija akufuna mdzukulu wawo.

Ntchito ya volontiya

Inu mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo mumadziwa nyumba iliyonse imene muli mwana amene satuluka. Mumafikako ndi katemera, ndi uthenga wa kolera, ndi tepi yoyezera mkono. Pa mafunso amene mumafunsa onjezerani limodzi: mwanayu adatuluka liti komaliza kupita kwina kosakhala kuchipatala? Yankho lake lidzakuuzani zambiri za mwanayo ndi za mayi ake.

Ulendo ukamakonzedwa, mmodzi wa inu apiteko kutatsala sabata, ndipo ngati n'kotheka apite ndi munthu wamkulu waulumali, chifukwa iye amaona zimene inu mungadutse osaziona. Tengani kamtengo ka masentimita 90 kaja ndi kope. Yendani kuchokera pamene basi idzaime mpaka pachipilala. Werengani masitepe, onani ngati pansi ndi pamchenga, pamiyala kapena pa simenti, pezani pamene pali mthunzi nthawi ya 10 koloko, lowani m'chimbudzi, ndipo funsani oyang'anira zimene ana angagwire ndi zimene sangagwire. Auzeni tsiku limene mukubwera ndi ana amene mukubwera nawo.

Mukabwerako ku ulendo, lembani tsamba limodzi la zimene zidayenda ndi zimene zidakanika, ndi manambala ake: masitepe angati, khomo lotambalala bwanji, ana angati adalephera kufika pati. Kalata yotero ipite ku nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala, ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi ku MACODA, ndipo ina mupereke ku FEDOMA, kapena ku PODCAM ngati ndinu makolo, kapena ku APAM ngati nkhani ndi ya ana achialubino. Pa 18 Meyi ndi tsiku la myuziyamu padziko lonse, pa 13 Juni ndi la anthu achialubino, ndipo pa 3 Disembala ndi la anthu aulumali. Masiku amenewa akuluakulu amakhala akufuna zoti akanene pagulu, ndiye kalata yanu ifike kutatsala milungu iwiri.